Modemu ya Dorah Inasiya Kulira

Anakumana pa siteji ya maminibasi otchedwa makombi ku Shurugwi mu 2007, chaka chomwe mafuta anasowa, anthu n'kumadikira kombi mpaka miyendo kuuma. Dorah anali atakumbatira kabokosi kotuwa, chingwe chikulendewera.

"Sisi, mwana wanuyo akudwala chiyani?" anafunsa mnyamata wina wamtali, akumwetulira.

"Ndi modemu iyi, yolumikizira intaneti. Kompyuta ikukana kuiona, ndiye ndikupita nayo ku Gweru."

"Ndine Domingo, dokotala wa makompyuta. Ulendo wa ku Gweru usiyeni, tiyeni ndikaione."

Dorah anali namwino, koma malipiro ake ankatha mphamvu asanafike nawo pakhomo. Chiyembekezo chake chinali chimodzi basi: chipatala china cha ku Botswana chinamulonjeza yankho la ntchito pa imelo. Kompyuta anamusiyira achimwene ake popita ku Joni, ndipo poyatsa munthu ankasankha Windows kapena Linux.

Domingo sanachedwe. "Windows ikufunafuna modemu pa COM2, pamene chingwe mwachilowetsa pa COM1. Ku Linux khomo lomweli amalitchula ttyS0." Anasintha, modemu n'kulira tswiii! Dorah anavina ndi chimwemwe.

"Akandiyankha ku Botswana, ndapita!"

Domingo anaseka naye, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Chikondi chinayaka ngati udzu wouma. Foni ya Dorah sinkapuma. "Mudiwa wanga, duwa la m'mapiri a Shurugwi, wadya?" Kenako: "Sindidzakunamiza, mtima wanga, olo dziko ligwe." Ndani sakanakhulupirira?

Mwezi usanathe, modemu inakhalanso chete. Windows sinkaiona, Linux chimodzimodzi. Domingo ankabwera, kusintha chingwe, kupukusa mutu.

"Ndi magetsi othimathimawa, switi. Aiwotcha. Usadandaule, ndipatse pasiwedi, ndizikuonera imelo ndikapita ku Gweru."

Ndipo akabwerako, yankho linali lomwelo: "Hapana, mudiwa. Sanayankhe." Dorah ankalira pachifuwa pake, iye n'kumamupukuta misozi. Abale, mtsikana anapusa bwanji!

Tsiku lina Domingo atachokapo, Dorah anaitana a Januário, bambo wachikulire wa kutchalitchi kwawo yemwe kale ankakonza makompyuta a pamgodi. Iwo anatenga modemu kukaiyesa kwawo, n'kubwera nayo ali odabwa.

"Mwanangu, modemu ili bwinobwino." Anayatsa Windows, kenako Linux. "Onse awiri sangachite khungu tsiku limodzi. Vuto lili pansi pawo, mu BIOS."

Anayatsanso kompyuta, n'kudina batani lina, sikirini n'kusanduka yabuluu. Analoza ndi chala.

"Waona? Poti, khomo lolowera chingwe cha modemu, yatsekedwa. Magetsi satseka apa, Dorah. Ichi ndi chala cha munthu. Amagwira kompyutayi ndani?"

Dorah anakumbukira. Sikirini yabuluuyo anali ataionapo kamodzi, tsiku lomwe Domingo anamutuma kukamutungira madzi akumwa.

A Januário anatsegula poti ija. Modemu inalira, koma ulendo uno Dorah sanavine. Maimelo a ku Botswana analipo, onse otsegulidwa kale. Yoyamba inkamuitana kuti apite. Ina inkafunsa ngati akadali ndi chidwi. Yomaliza inati malo aperekedwa kwa munthu wina.

Madzulo Domingo anafika akuimba kamluzu, atanyamula tibuledi tomwe anavutika kutipeza. Anamva modemu ikulira, n'kuima pakhomo ngati wapondedwa.

"Dorah, ndapota, ndimvere kaye..."

"Unawawerenga?"

"Ndinkaopa, mudiwa! Aliyense amene wapita sabwerera. Amayi anga, azichimwene anga, onse! Ndikanatsala ndi ndani?"

"Ndiye unkandipukuta misozi ndi dzanja lomwe linatseka potiyo? Maiwe, Domingo!"

"Ndikonza, ndiwalembera..."

"Ukonza chiyani? Malo apita! Tuluka."

Zinamuwawa Dorah, ndipo chomuwawa kwambiri chinali chakuti ankamukondabe. Kodi mtima uli ndi batani loti munthu n'kudina? M'mawa mwake anavala yunifolomu yake yakale n'kuyamba kuyenda wapansi kupita ku kachipatala kopanda mankhwala. Ali m'njira foni inalira.

"Ndinangofuna kuti usachoke, moyo wanga. Ndikhululukire."

Dorah anaima m'fumbi la malole a pamgodi, n'kuyankha.

"Zatheka, Domingo. Sindichokadi mu Shurugwi. Uzindiona tsiku lililonse ndikudutsa, koma usadzandipatsenso moni."