Odi wa m'galimoto ya apongozi

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ndipo dzina langa lenileni anthu analiiwala kalekale. Amangoti aMawaya. Zimene ndikufuna kunenazi zinachitika Loweruka lina madzulo, pakhomo panga penipeni, dzuwa litangolowa. Ndineneretu kuti tsikulo sindinalawe kanthu, chifukwa aliyense amene ndimamuuza nkhaniyi amayamba wandinunkhiza mkamwa.

Galimoto inali ya malemu apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga. Atamwalira inakhala chaka chathunthu pansi pa mtengo, kenaka mlamu wanga anaibweretsa kwathu kuti mlongo wake aziyendera popita kuntchito. Mkazi wanga ndi namwino. Inali galimoto yakale, ya mipando yong'ambika, koma injini inkalira pakamodzi. Vuto linali wailesi. Inali ya makaseti, nanga kaseti masiku ano ungaipeze kuti?

"Amunanga, anthu onse mumawaikira kawaya ka foni m'magalimoto mwawo. Ine ndinalakwanji?"

Anadandaula choncho miyezi itatu, ine ndikungoti mawa, mawa. Iye ankati ndi ulesi. Sunali ulesi. Galimoto imeneyo ndinkaopa kukhalamo, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa ndekha.

Apongozi anga sanandikondepo. Tsiku lina ananena pagulu kuti mwana wawo, wophunzira bwinobwino, wakwatiwa ndi munthu womatamata zinthu zimene anzake anataya. Anthu anaseka. Mkazi wanga anaima kumbali yanga, n'kusiya kupita kwawo zaka ziwiri. Ndiye madzulo ena, iye ali kuntchito, ndinamva galimoto ikuima panja. Kaliridwe kake ndinakadziwa. Ndinazimitsa nyali msanga n'kukhala phee kuseri kwa chitseko. Mkuluyo anaodira katatu. Sindinavomere. Anadikira, kenaka ananyamuka. Patangotha masiku asanu ndi anayi anagwa kubafa, osadzukanso.

Pamaliro mkazi wanga ankalira mawu amodzi okhaokha: "Bambo akanangobwera kamodzi, kamodzi kokha." Ine ndinkamugwira phewa, pakamwa nditasoka. Ndinkadziwa kuti tsiku limene adzamve zoona, banja langa lidzathera pomwepo. Odziwa tinali awiri, ndipo winayo tinali titamuika m'manda.

Loweruka limenelo nditakhala pansi kuti ndidye, ndinavundukula mbale n'kupezamo makiyi a galimoto.

"Ikaimba mudya," anatero mkazi wanga, akuseka, n'kubwerera kukhitchini.

Ndinatenga bokosi la zipangizo, tochi ndi waya wautali wa magetsi. Kunja kunali kachisisira. Ana a oyandikana nawo anali akuitanidwa kuti akasambe. Ndinakhala kumpando wa wokwera. Kwa dalaivala sindinafuneko, chifukwa mpandowo unali udakali ndi chidikha cha mwini wake, ndipo m'galimoto monse munkamvekabe fungo la mafuta awo odzola.

Ntchito imeneyi ndaigwira kosawerengeka. Umamasula wailesi, n'kuitsegula. Mkati umafufuza pamene mawu a kaseti amadutsa, malo atatu: a kumanzere, a kumanja, ndi a negetivu. Umadula timawaya tochokera kumutu wa kaseti, n'kuwotchererapo waya wako ndi mtovu. Kenaka umaboola kabowo kutsogolo, kolowetsapo waya wa foni. Chinsinsi chake n'chakuti wailesi uyenera kuinamiza. Imafuna izimva kuti mkati muli kaseti, ndiye umaikamo chikhokhombe chopanda tepi kuti chizingozungulira.

Momwemo ndinapezamo kaseti ya apongozi, yopanda chizindikiro chilichonse. Ndinaimasula tizitsulo take, tepi yonse ndinaisolola n'kuiponya m'bini. Chikhokhombe chokha ndi chimene ndinabwezeramo. Izi muzikumbukire.

Waya wa foni uja makasitomala anga amautcha waya wa odiyo, potengera Chingerezi. Ine ndimawaseka kuti dzinalo n'loona, chifukwa foni imafika pakhomo n'kuodira, wailesi n'kuvomera. Ndiye ndili ndi kachizolowezi kanga. Ndikamaliza kuwotcherera, ndisanalumikize foni, ndimakhudza nsonga ya waya ndi chala n'kunena kuti, "Odi!" Masipika akati mmm, ndimati, "Eni nyumba alipo." Anthu amaseka, ntchito yatha.

Ndinapotoza kiyi. Timagetsi ta wailesi tinayaka. Chikhokhombe chija chinayamba kuzungulira. Ndinakhudza waya ndi chala, n'kutsegula pakamwa kuti ndinene mawu anga aja.

Ananditsogolera.

"Odi."

Mawuwo anatuluka m'sipika ya chitseko cha dalaivala. Mawu a mwamuna wachikulire, osasa pang'ono, okoka kumapeto.

Ndinachotsa chala ngati ndagwira mbaula. Ndinayang'ana kuseri, ndinayang'ana pageti. Kunalibe munthu. Ndinadziuza kuti waya wautali nthawi zina umakoka mawu a siteshoni ina, zimachitika. Ndinadziuza kuti ndi njala. Koma lilime langa linali litapinda kale kuti liti "lowani", monga amachitira munthu aliyense woleredwa. Ndinaliluma.

Ndinazimitsa. Kiyi ndinamuzula n'kumufumbata m'manja. Timagetsi tinathima. Chikhokhombe chinaima. Kunangoti zii, kupatula phokoso la mbale kukhitchini.

"Odi kuno."

Ulendo uno anamveka mokweza, m'masipika onse anayi.

Tsitsi linandiima. Chimene ndinkaopa kwambiri sichinali mawuwo ayi. Ndinkaopa zenera la kukhitchini, limene linali lotsegula.

"Amunanga!" mkazi wanga anaitana. "Kuli alendo kunjako? Bwanji simukuvomera?"

"Palibe! Ndi wailesi ikungosokosa. Khala komweko!"

M'zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanamulamulepo choncho. N'chifukwa chake anatuluka. Anabwera akupukuta manja ndi kansalu ka mbale, akuyang'ana uku ndi uku. Ine ndinali nditagwira kale pulayala. Ndinadula waya wofiira wa magetsi, ndinadula wachikasu. Wailesi ndinaikoka n'kuiika pamiyendo panga, itangotsala ndi mawaya a masipika okha. Ndinkafunafuna amenewo pamene iye anafika pachitseko.

"Odi, eni nyumba."

Mkazi wanga anaima chilili. Kansalu kopukutira mbale kanamupulumuka.

"Bambo?" anatero, motsitsa.

Palibe amene angasokoneze mawu a kholo lake. Ine ndinangoyang'ana pansi, pulayala ali m'manja. Ndikanatha kudula mawaya otsalawo. Sindikudziwa chifukwa chake sindinadule.

M'masipika munamveka kupuma kwa munthu wotopa. Kenaka katsokomola. Kenaka mawu aja, pang'onopang'ono, ndendende mmene ndinawamvera ndili kuseri kwa chitseko tsiku lija.

"Mkamwini, nsapato zanu ndaziona pakhomopa. Nyali mwangozimitsa kumene. Sindinabwerere nkhondo ayi. Ndinalankhula moipa. Mudzamuuze mwana wanga kuti ndinabwera."

Kenaka mapazi pamiyala. Chitseko cha galimoto kutsekedwa. Injini kulira, n'kumka nizilala. Zonsezi m'masipika, galimoto yeniyeniyo ili duu pamalo pake, kiyi ali m'dzanja langa.

Mkazi wanga sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Anandiyang'ana kudzera pagalasi, nthawi yaitali.

"Linali tsiku liti?"

"Mayi, ndimati ndidzakuuza..."

"Ndafunsa tsiku."

"Lachinayi. Masiku asanu ndi anayi asanagwe. Unali pantchito ya usiku."

"Munali m'nyumba?"

"Ndinalimo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa sopo. Kenaka anazungulira galimoto, n'kutsegula chitseko cha dalaivala. Anagwada pamiyalapo, mawondo onse awiri, n'kulunzanitsa manja.

"Lowani, bambo," anatero. "Mwaima nthawi yaitali."

Mpando wa dalaivala unalira. Ndinali pomwepo, tochi ikuyaka, ndinaona ndi maso angawa. Chidikha chija chinadzaza pang'onopang'ono, monga umachitira mpando munthu akanyamukapo. Galimoto inapepuka mbali imeneyo. Pamiyala panamveka mapazi, olemera, okoka mwendo umodzi. Mkazi wanga anadzuka n'kutsogola. Pakhomo anapatuka, ngati akupereka njira. Katani ya pakhomo inasuntha, kopanda mphepo. Iye analowa pambuyo, n'kutseka chitseko.

Ndinatsala ndekha, wailesi ili pamiyendo. Mdima unali utagwa ndithu. Ndinakhala mpaka udzudzu unandithamangitsa. Nditafika pakhomo, dzanja linakana kugwira chogwirira. Nsapato za mkazi wanga zinali pamalo pake. Mkati ndinkamva iye akulankhula motsitsa, n'kumakhala chete, n'kulankhulanso. Nthawi ina anaseka, kuseka kwa munthu amene akulira.

Ndinapezeka nditati, "Odi." Pakhomo panga, pa nyumba imene ndinamanga ndekha.

Palibe anavomera. Ndinagona m'khonde.

M'mawa mwake nkhani inali itafika kale kwa oyandikana nawo, pajatu makoma ali ndi makutu. Mayi a kuseri kwathu amati mkuluyo anajambula mawu ake pakaseti, ine ndinangoiliza mosadziwa. Ndinawatengera kubini n'kuwaonetsa tepi ija ili piringupiringu pamodzi ndi makoko a mazira. Anangoti, "Hmm, zinthu zake." Mlamu wanga amati ndinalota, ndipo mlongo wake anangotengera mantha anga. Mnzanga wina wokonza mafiriji ndiye ananditengera pambali n'kunena kuti, "Iwe Mawaya, waboola makomo m'magalimoto a anthu zaka zonsezi, ukuitana odi. Unkaganiza kuti sadzapezeka wobwera?"

Wailesi ija ndinaimaliza Lamulungu masana, dzuwa lili pamutu. Ikuimba bwino kwambiri. Mkazi wanga amalumikiza foni yake n'kumapita kuntchito akuimba nawo. Sinalankhulenso. Kachizolowezi kanga kaja ndinasiya, masiku ano ndimayesa ndi foni basi.

Mkazi wanga sanachoke. Amaphika, amachapa, ndikadwala amandipatsa mankhwala pa nthawi yake. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo wanga ndikuuona tsiku ndi tsiku. Ndapepesa mpaka mawu anatha. Iye amangomvetsera, n'kupitiriza zimene amachita. Mpando wa pafupi ndi zenera palibe amene amakhalapo tsopano, ndipo sindinafunse chifukwa chake.

Chiyambire tsiku limenelo sindilowa m'nyumba mwanga osaodira. Palibe anandiuza kuti ndizitero. Ndikaweruka ndimavula nsapato, ndimaodira katatu, ndimadikira pang'ono. Iye amakhala ali mkati, ndimamumva akuyenda. Savomera. Ndimalowa choncho, ngati munthu wa lendi. Miyezi isanu ndi iwiri yatha.

Dzulo madzulo ndinafika monga mwa nthawi zonse. Galimoto panalibe, mkazi wanga anali asanaweruke. Chitseko chinali chokiya, kiyi ali m'thumba mwanga. Koma pakamwa pazolowera. Ndinavula nsapato.

"Odi."

"Lowani, mkamwini."

Mawuwo anachokera mkati, cha kuzenera. Analibe mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo n'zimene zinandiliza. Ndinakhala pansi m'khondemo, nsapato zili pambali panga. Sindinalowe. Si iwo amene ndikudikira kuti andivomere.

Patapita ola galimoto inafika. Mkazi wanga anatsika, anandiyang'ana, anayang'ana nsapato. Anatsegula ndi kiyi wake n'kulowa. Koma chitseko anachisiya chotsegula.

Ndinaimirira, n'kuodiranso.