Mphenzi Aimba Yekha Nyimbo Yake

Pamalo odikirira basi, mnyamata wina wa tsitsi loimirira ngati minga anangoti maso dwii pa mtsikana amene ankagogoda benchi ndi timitengo tiwiri.

"Chemwali, benchiyo yakulakwirani chiyani?"

"Siinalakwe. Ili ndi mawu okoma kuposa anu," anayankha mtsikanayo osadzutsa mutu.

Mnyamatayo anaseka chikhakhali. Anati amaimba gitala, ndipo gulu lake la nyimbo za panki, zaphokoso ndi zaukali, linkasowa woimba ng'oma. Anthu ankamutcha Nungu chifukwa cha tsitsilo. Mtsikanayo anzake ankamutcha Mphenzi, poti manja ake pa ng'oma sankaoneka.

Anayamba kuyeserera m'galaja ya malume ake a Mphenzi, owotcherera zitsulo. Wachitatu anali mtsikana wa gitala ya besi, wosakonda zoyankhulayankhula.

"Ine ndimayesa makina angawa ndiye aphokoso!" ankatero malume, atatseka makutu koma phazi likuvina.

Chikondi sichinachedwe. M'mawa uliwonse foni ya Mphenzi inkalira.

"Duwa langa, mtima wangawu umagunda motsatira ng'oma zako."

Tsiku lina Nungu anamugwira manja ake a zikang'a aja n'kulumbira: "Sindidzakwera pa nsanja popanda iwe, wapamtima. Ndikadzatero, zala izi zidzaume!"

Mtsikana wake uti sakanakhulupirira?

Poyamba ankaimbira mipando yopanda anthu. Kenako Mphenzi anapeka nyimbo yakuti Sitigwada, wayilesi ina n'kuiulutsa, achinyamata n'kuyamba kudzaza maholo.

Masana ena Mphenzi anapita kwa wosindikiza kukatenga mapepala olengezera phwando lawo. Bamboyo anamupatsa mtolo wolakwika. Pa chithunzi panali Nungu, dzanja lili m'chiuno mwa mwana wamkazi wa mwini situdiyo yojambulira nyimbo. Pansi pake analembapo kuti, "Nungu ndi gulu lake latsopano."

Mphenzi anakamupeza Nungu akumanga zingwe za gitala.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimati ndikuuze, duwa langa. Abwana a situdiyo akuti ng'oma iziimba ndi kompyuta."

"Nanga dzanja lili m'chiunomu, nalonso ndi la kompyuta?"

Nungu anangotola gitala yake n'kutuluka.

Mphenzi analira mpaka maso kutupa. Zoona munthu angalumbire chotero uku akunama? Malume sanamutonthoze ndi mawu. Anangowotcherera phazi la ng'oma limene linkagwedera, n'kumuikira mpando wake pamalo.

Wa besi uja ndiye anayankhula. "Nyimbo unapeka ndiwe. Uimbe wekha."

"Ine? Mawu anga osasawa?"

"Panki imafuna osasa omwewo, mwali. Gitala aimba mchemwali wanga amene ndi namwino. Amaitha kuposa jakisoni."

Loweruka masana holo inadzaza. Mphenzi anakhala kuseri kwa ng'oma zake, maikolofoni ili pakamwa. Anamenya kamodzi. Anamenyanso. Atangotulutsa mawu, holo yonse inamulandira: "Sitigwada! Sitigwada!" Atsikana anakankhana kutsogolo, malume ali pakati pawo ndi ovolosi yawo, akuuza aliyense kuti, "Mwana wa mlongo wanga ameneyo!"

Phwando litatha, akumasula ng'oma, anamva mawu amene ankawadziwa.

"Duwa langa, ndinalakwa. Kumene kuja sindikupezako mtendere. Ndilole ndibwerere."

Mtima wa Mphenzi unati phaa! Ankamukondabe, ndipo zinamuwawa kuti ankamukondabe. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Gitala umaitha, Nungu, koma bodza umalitha koposa. Tapatuka, tikunyamula katundu."

Panja malume anali akuliza hutala ya lole yawo. Mphenzi anasenza ng'oma yaikulu paphewa, misozi ikutsika, n'kudutsa pakati pa khamu limene linkamuombera m'manja.