Dothi la Pansi pa Mbuzi

Modester anaima pafupi ndi khola la waya atatseka mphuno ndi chitenje, akudandaula chamumtima. M'kholamo munali mbuzi yakufa, yotupa ngati thumba la chimanga, ntchentche zobiriwira zili ponseponse. Nthawi imeneyo anzake a Fomu 2 anali akusamba kukonzekera sukulu. Koma iye, mwana wa munthu, anali kumunda kuseri kwa Ulongwe, supuni ili m'manja, kudzatapa dothi pansi pa chinthu chowola.

Wobweretsa zonsezi anali achemwali ake, a Hellen, amene ankaphunzira sayansi ku yunivesite. Ena akapita kusukulu zapamwamba amabwerako ndi zinthu zooneka. Awa anabwera ndi timabotolo, magolovesi ndi nkhani za mitembo. Ankati thupi likamawola limatulutsa timadzi tolowa m'dothi, ndipo timadzito timasintha tsiku ndi tsiku. Wodziwa bwino kusinthako angathandize apolisi kudziwa tsiku limene munthu wopezeka atafa kutchire anamwalira. Poti sakanayesera pa munthu, anapha mbuzi. Kafukufuku ameneyu ndiye anali ntchito yawo yomaliza kuti alandire digiri.

"Mbuzi yonona chonchi kupatsa mphutsi!" amayi awo ankatero tsiku lililonse. "Ife pano tikudyera nkhwani. Sukulu imeneyi ndiye yatilaula."

Patatha sabata, a Hellen anaitanidwa ku Zomba kwa masiku asanu. Asanakwere minibasi anamukhazika Modester pakhonde.

"Mode, timabotolo ndi iti, tisanu. M'mawa uliwonse sikisi koloko, supuni imodzi ya dothi. Utseke, ulembe tsiku pabotolo ndi m'kope, uike m'bokosi la ayezi. Usadumphe tsiku. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

Kumva anamvadi, ndipo masiku awiri oyamba anapita. Koma fungo lija silinali lochoka ndi sopo wamba. Linkakakamira kukhosi, kutsitsi, mpaka m'zikhadabo. Tsiku lachiwirilo, atangokhala pansi m'kalasi, Sammy, mnyamata wapakamwa amene ankakhala kumbuyo kwake, anayamba kununkhiza mokweza.

"Anzanga, kodi muno mwafa khoswe?"

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali. Pofika nthawi yopuma, Modester anali ndi dzina latsopano, Namphutsi. Zinamupweteka kwambiri, ndipo mkwiyo wonse anauponya kwa achemwali ake. Digiri ya wina, kununkha wina!

Tsiku lachitatu anadzuka, nayang'ana njira ya kumunda, n'kutembenuka. Anati apita madzulo. Madzulo anati mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu: mmene ankadzidzimuka linali tsiku lachisanu, timabotolo titatu tili gwaa topanda kanthu. Anathamangira kumunda, natapa masupuni atatu pamalo amodzi nthawi imodzi, n'kulemba masiku atatu osiyana. M'kope analembanso bwinobwino, mochita kusintha cholembera.

"Dothi ndi dothi," anadziuza. "Lili ndi pakamwa ngati?"

A Hellen atabwera anamuthokoza, mpaka anamugulira mandasi. Anapitiriza okha kutapa dothi mpaka mbuzi inatsala mafupa ndi chikopa, kenako ananyamula timabotolo tonse kupita nato ku labotale.

Anabwerako patatha milungu itatu, mvula yoyamba itagwa kale. Anali ataonda, maso ali psuu. Sanafune ngakhale tiyi. Anayala mapepala pamkeka n'kumawayang'ana ngati munthu woferedwa.

"Zavuta chiyani?" amayi anafunsa.

"Sindikumvetsa, amayi. Manambala akukwera pang'onopang'ono masiku onse. Kufika apa alumpha, kenako masiku atatu aima malo amodzi. Ndayeza kanayi konse. Ndinafika pokalipira abambo oyang'anira makina oyezera dothi, munthu wamkulu, kuti makina awo ndi akufa. Anawamasula, anawatsuka, zotuluka n'zomwezo."

Modester, amene ankasenda chinangwa pambali, anasiya kusenda.

"Ndiye utani?" amayi anafunsanso.

"Ndilemba mmene zatulukiramo. Koma mtima wanga ukukana. Tsiku lina wina adzadalira manambala amenewa, n'kunena kuti munthu anafa Lachitatu pamene anafa Lachisanu. Ndiye amene anaoneka naye Lachitatu uja adzamangidwa, wolakwa weniweni akuyenda pamsewu."

Apa Modester analephera kupirira. Anaika mpeni pansi.

"Achemwali, makina aja ndi abwinobwino."

"Ukudziwa chiyani za makina iwe?"

"Masiku awiri sindinapite. Timabotolo titatu tija ndinathira tsiku limodzi."

A Hellen anaimirira, mapepala n'kumwazika.

"Iwe Modester! Milungu itatu! Milungu itatu ndikudziyesa chitsiru, osadya, ndikunyoza munthu wosalakwa! Unalandira mandasi anga uli phee!"

"Amandiseka kusukulu, achemwali. Amati ndikununkha."

"Nanga pakamwa unalibe? Ukanandiimbira foni, ndikanapempha wina. Ngakhale kungosiya timabotolo topanda kanthu, ndikanadziwa kuti apa palibe, n'kupitirira."

"Tingathe kuyambiranso," Modester anatero ndi mawu otsika. "Ndizipita tsiku lililonse, ndikulonjeza."

"Iyayi. Ndimayeza za nyengo yotentha, ndipo mvula ndi iyi yagwa. Dzuwa la Okutobala ulitenga kuti? Masiku awiri amenewo apita basi. Kaya aphunzitsi alandira ntchito yoperewera, kaya anena kuti ndidikire chaka chamawa, sindikudziwa."

Amayi, amene sankasowa chonena pa nkhani ya mbuzi ija, ulendo uno anangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba.

Modester analira, koma a Hellen sanamutonthoze. Anatola mapepala awo limodzilimodzi, kenako anatulutsa kope lija m'chikwama n'kulitsegula pamasiku awiri aja. Anamupatsa cholembera.

"Usafufute. Ungodula mzere umodzi kuti zabodzazo zizionekabe, ndipo pambali ulembe zimene zinachitika. Mawa ndikalionetsa kwa aphunzitsi anga ndi kwa abambo a makina aja pokapepesa."

"Awerenga anthu onsewo?"

"Onsewo."

Modester anapukuta misozi ndi chitenje, nagwada pamkeka. Anadula mzere woyamba n'kulemba pambali pake kuti, "Sindinapite." Anadula wachiwiri, nalembanso chimodzimodzi. Atafuna kubweza kope, a Hellen anamulozera m'munsi mwa tsambalo.

"Dzina lako," anatero.

Modester analemba dzina lake lonse, ndi la bambo ake lomwe.