Fungo la Kwathu

Penisimani anagwada kuseri kwa mipando ya pa bwalo la ndege la Nadi, akusisita tepi yong'ambika ndi chala chachikulu. Anainyowetsa ndi malovu, naikanikiza mpaka chikhadabo chinayera, koma tepiyo inkangodzuka. Chidindo cha boma chinali chitagawika pakati, ndipo mbali ziwirizo sizikanakumananso.

Katoni yomatidwa ndi tepiyo inachoka ku Tongatapu, chilumba cha kwawo m'dziko la Tonga, m'mawa wa tsiku lomwelo. Bambo ake a Penisimani, amene ankagwira ntchito yothyola malalanje ku Australia, anali chigonere m'chipatala ku Brisbane, ndipo chakudya cha kumeneko ankachikana. Pa foni anapempha chinthu chimodzi chokha: chakudya cha kwawo chotchedwa lu, pamodzi ndi chilazi cha m'munda mwawo. Choncho mayi ake a Penisimani anakulunga nyama m'masamba a koko, nathiramo mkaka wa kokonati, naziphika pa miyala yotentha ya mu umu, dzenje lophikiramo. Oyeza zakudya ataziona, anamata katoniyo ndi tepi ya chidindo.

"Tepi imeneyi ikangong'ambika, kutsidyako akataya zonse," anatero mayi ake, amene anatsala ndi khanda. "Wamva, Peni? Ngakhale njala ikupotokole bwanji."

Koma Penisimani ndi azakhali ake atafika ku Nadi kukasintha ndege, anamva kuti kunyanja kuli namondwe. Anawabwezera katundu wawo, nawauza kuti adikire. Azakhali ake a Seini, mlongo wa bambo ake, anayala nsalu pansi nagona, miyendo itatupa. Penisimani anazungulira masitolo onse osagula kanthu. Anasewera pa foni mpaka moto unatha. Kudikira kuli ngati chiswe, ananu: kumadya munthu m'kati, kunja akuoneka wathunthu.

Masana, anyamata a ku Tonga komweko, osewera mpira wa ragibe, anadzakhala pafupi naye. Wamkulu wawo, Maikolo, anatukula mphuno.

"Aise, m'katonimo muli lu. Usakane, mphuno yangayi sinama."

"Ndi za bambo anga. Akudwala."

"Pepa. Koma wodwala angathe katoni yonseyo? Ife chidyere dzulo."

"Amayi anati ndisatsegule."

"Amayi anati," Maikolo anamuyeseza mawu, anzake n'kumaseka. "Kwathu ngakhale mdani akamadutsa timati bwera tidye. Iweyo ndiwe wa ku Tonga kuti? Kapena anakutola ku Auckland?"

Mawuwo anamulasa. Mwana wa ku Tonga angalole kutchedwa wakuba, koma osati womana. Anayang'ana azakhali ake, nawaona akuliza mkonono. Anadziuza kuti atulutsa phukusi limodzi lokha, nalowetsa chikhadabo pansi pa tepi.

Manja anachuluka. Iyenso anadya, msuzi ukutsikira pa mkono wa malaya ake. Asanathe kumeza, ndege ya anyamatawo inaitanidwa. Anamusisita pamutu, nanyamuka akunyambita zala, osacheukanso. Apa m'pamene anagwada kuseri kwa mipando kuja.

Nthawi imene inkakana kuyenda tsopano inayamba kuthamanga. Anapita sitolo ndi sitolo kupempha tepi. Ena anamuyankha ndi mapewa. Mayi wina wogulitsa ziboliboli anamupatsa yoyera, koma atamva nkhani yake anapukusa mutu.

"Tenga, mwana wanga. Koma anthu a kumeneko si ana. Ukanangodzutsa akuluakulu ako n'kuwauza."

Sanawadzutse. Anamata katoniyo mobwereza, naivundikira ndi nsalu. Atakhala pansi anaona kuti chidindo chapendekeka, nayambanso, ndipo pomatula anang'amba chikatoni chenichenicho. Anapemphera kuti namondwe akule, ndege isanyamuke n'komwe. Kenako anakumbukira bambo ake, napemphera kuti inyamuke msanga.

Azakhali atadzuka anaona nsalu ija. "Wavundikiriranji?"

"Kuti zisazizire, azakhali."

"Wakula, Peni. Bambo ako anyadira." Anaimba foni kuchipatala, ndipo atamaliza anapukuta m'maso. "Lero sanalawenso kanthu. Akuti akudikira za kumudzi."

Penisimani anangokonzakonza nsalu ija pa katoni.

Ndege inanyamuka dzuwa litapendeka. Ku Brisbane, mayi woyang'anira zakudya zolowa m'dziko anachotsa nsalu ija, nayendetsa chala pa tepi.

"Katoniyi inatsegulidwa panjira."

"Ayi, mayi, yachoka kwathu chimatire," anatero azakhali. Kenako anayang'anitsitsa, natembenukira kwa mwanayo. Penisimani anazolika.

"Pepani," anatero mayi uja mofatsa. "Tepi ikadulidwa sitingadziwe chimene chalowamo. Ndiyenera kutaya zonse."

Kwawo, mlongo wa bambo sagwadira munthu. Ana a mchimwene wake amadutsa pamaso pake atawerama, ndipo pa ukwati ndi pa maliro amakhala pa mphasa ya ulemu. Koma tsiku limenelo a Seini anagwada pa simenti, anthu a mitundu yonse akuona.

"Phukusi limodzi lokha, mayi. Mchimwene wanga akufa ndi njala. Limodzi lokha, ndapota nanu."

Mayiyo anawadzutsa ndi manja awiri, koma lamulo sanalisinthe. Katoni inalowa m'chibini, chivundikiro n'kutsekeka.

M'galimoto azakhali sanakalipe. Atafika pakhomo la chipatala anangoti, "Ukawauza wekha. Ine pakamwa panga sipanyamula zimenezo."

Bambo ake anali ataonda mwakuti Penisimani anawazindikira ndi maso okha. Masowo anayang'ana manja a mwanayo, nayang'ana manja a mlongo wawo, kenako anayang'ana kukhomo ngati pali wina amene watsalira ndi katundu.

"Mwafika, Peni. Katoni mwaisiya m'galimoto?"

Penisimani anagwada pambali pa bedi, nafotokoza zonse: za Maikolo, za tepi, za chibini. Sanabise kuti iyenso anadya. Anadikira mbama, ndipo akanailandira mokondwa.

Koma bambo ake anatambasula dzanja, nagwira mkono wa malaya a mwanayo, pamene msuzi uja unaumira. Anaukokera kumphuno, natsinzina.

"Amayi ako anaika anyezi wambiri," anatero motsitsa. "Akumbukira mmene ndimakondera. Zinakoma?"

Namwino analowa ndi mbale ya phala, naiika pa kabati, pambali pa mbale ya masana imene inali isanakhudzidwe. Mnyamatayo anatenga supuni, natapa pang'ono, naifikitsa pa milomo ya bambo ake. Iwo anapukusa mutu pang'onopang'ono, osasiya malaya aja.

"Phalalo lisiye kaye," anatero. "Koma malayawa usachape lero. Sendera kuno, ukhale pafupi."