Nola Apeza Malo a Bini

Nola ankakhala m'kalavani ndi amayi ake. Kalavani yawo inali yoyera, ya matayala awiri. Inali pamsasa wa alendo, m'mbali mwa mtsinje. Amayi a Nola ndiwo ankasamalira msasawo.

Nola ankaukonda msasawo. Ankakonda mitengo ya paini. Ankakonda matenti ofiira ndi achikasu. Ankakonda fungo la soseji yootcha. Koma panali chinthu chimodzi chimene sankachikonda. Sankakonda kuona zinyalala m'njira.

Lolemba m'mawa, Nola anapeza zinyalala m'njira. Panali thumba long'ambika. Panali makoko a mazira. Panali chitini cha nsomba. Nola anatola zonse.

Lachiwiri m'mawa, Nola anapezanso zinyalala. Panali thumba long'ambika. Panali makoko a mazira. Panali chitini cha nsomba. Nola anatolanso zonse.

Lachitatu m'mawa, zinyalala zinalipo ndithu. Koma panalinso chinthu china. M'matope munadinda phazi. Phazilo linali lalikulu kuposa dzanja la Nola. Linali ndi zikhadabo zisanu.

Nola anathamangira kwa amayi ake.

"Amayi, bwerani mudzaone," anatero Nola.

Amayi anabwera. Anawerama. Analiyang'ana phazi lija.

"Ichi ndi chimbalangondo," anatero amayi. "Chamva fungo la zinyalala."

Amayi anaimbira foni Bambo Sawchuk. Bambo Sawchuk anali mlonda wa nkhalango. Anabwera pa galimoto yawo yobiriwira. Nawonso anawerama. Nawonso analiyang'ana phazi lija.

"Ndikuchidziwa chimbalangondo chimenechi," anatero Bambo Sawchuk. "N'chaching'ono. Chimakhala kuseri kwa phiri. Chimadya zipatso za m'tchire."

"Nanga bwanji chikudya zinyalala?" anafunsa Nola.

"Zinyalala sizivuta kupeza, mwanawe. Chikazizolowera, chidzasiya kuopa anthu. Chidzayamba kulowa m'matenti. Zikatero tidzachigwira. Tidzachichotsa kwawo kuno."

Nola sanafune kuti chimbalangondo chichotsedwe kwawo.

Bambo Sawchuk anatembenukira kwa amayi.

"Pali wina amene akusiya thumba panja," anatero. "Lamulo mukulidziwa, mayi. Akasiyanso, achoke pamsasa."

Nola anayang'ana chitini cha nsomba chija. Pamsasa ponse, munthu mmodzi yekha ndiye ankadya nsomba za m'chitini. Anali Agogo Virgil.

Agogo Virgil sanali agogo ake enieni a Nola. Koma ana onse ankawaitana Agogo. Ankachokera kutali, kumzinda wa Regina. Ankabwera chaka chilichonse nyengo yotentha. Anayamba kubwera Nola asanabadwe. Kalavani yawo inali yaing'ono, yakalekale. Inali kumapeto kwenikweni, kumunsi kwa chitunda.

Nola anapita kwa Agogo. Anawapeza akumwa khofi pakhomo.

"Mwadzuka bwanji, Agogo?"

"Ndadzuka bwino, abwana. Kaya inu?"

Agogo ankakonda kumutcha Nola abwana. Ankati amayenda ngati mwini msasa.

Nola anasuzumira pansi pa kalavani. Panali thumba lakuda.

"Agogo, thumba ili ndi lanu?"

Agogo anakanda m'mutu.

"Ndi langa. Ndikataya mawa."

"Dzulonso munati mawa?"

Agogo anaseka pang'ono.

"Mwandigwira, abwana."

"Tiyeni tikataye limodzi," anatero Nola.

Agogo anatenga ndodo yawo. Nola ananyamula thumba. Anayamba ulendo.

Bini la zinyalala linali kuchipata. Chipata chinali pamwamba pa chitunda. Nola ankayenda mofulumira. Agogo ankayenda pang'onopang'ono. Nola anaima n'kuwadikira. Anayendanso. Anaimanso n'kuwadikira.

Ali pakati pa chitunda, Agogo anakhala pamwala. Anagwira bondo lawo.

"Bondo ili lakalamba kuposa mwini wake," anatero Agogo. "Kale ndinkakwera pano ndikuimba mluzu. Chaka chino chitunda chatalika."

"Chitunda sichitalika, Agogo."

"Changa chatalika."

Nola anakhala pambali pawo.

"Bwanji simunanene?" anafunsa.

Agogo anayang'ana pansi.

"Ndinachita manyazi. Ndinaopa kuti anthu anena kuti ndakalamba. Ndinaopa kuti anena kuti ndizikhala kunyumba. Koma ine ndimakonda kuno."

Nola anakwera yekha chitunda. Anataya thumba m'bini. Kenako anapita kwa amayi ake. Anawauza zonse.

"Amayi, musawathamangitse Agogo," anatero Nola. "Ine ndiziwatayira zinyalala tsiku lililonse."

Amayi anamusisita m'mutu.

"Uli ndi mtima wabwino, mwanangu. Koma mwezi wamawa ukupita kusukulu. Agogo amakhala kuno mpaka kutayamba kuzizira. Nanga ukapita, aziwatayira ndani?"

Nola anaganiza. Anaganizanso.

"Agogo sangapite kubini," anatero. "Ndiye bini libwere kwa Agogo."

Amayi anamwetulira.

"Bini silikhala paliponse, Nola. Koma tiye tikaone. Iwe uzisankha malo. Ine ndizikuuza."

Anatsikira kumunsi. Agogo anali atabwerera kale kukalavani yawo. Nola anaima pakhomo pa Agogo.

"Pano?"

"Ayi," anatero amayi. "Pano ndi pafupi kwambiri ndi pogona anthu. Ukufuna chimbalangondo chizigogoda kwa Agogo?"

"Chikabwera chibwere ndi kapu yake," anatero Agogo. "Ine ndili ndi imodzi yokha."

Nola anaseka. Anathamangira kumtsinje. Anaima pamchenga.

"Pano?"

"Ayi," anatero amayi. "Pano ndi pafupi kwambiri ndi madzi. Mvula ikagwa, zonyansa zilowa mumtsinje."

Nola analowa m'mitengo. Anaima pamthunzi.

"Pano?"

"Ayi," anatero amayi. "Pano pali tchire. Munthu sangaone chimene chabisala kuseri kwa bini. Komanso lole yotenga zinyalala singadutse."

Nola anapita pabwalo losewerera ana. Anaima pafupi ndi katungwe.

"Pano?"

Amayi anangogwira mphuno. Nola anagwiranso mphuno yake.

"Ayi," anatero Nola yekha. "Pano ayi."

Nola anatopa. Anakhala pachitsa. Miyendo inali itatuwa ndi fumbi. Malo a bini anali ovuta kupeza.

Kenako kunabwera galimoto yofiira. Inali kukoka kalavani. Inafika kumapeto kwa msewu. Inazungulira bwinobwino n'kubwerera. Nola anaiyang'ana mpaka inapita.

Nola anadzuka. Anathamangira pamene galimoto inatembenukira. Panali pabwalo lalikulu. Panali timiyala tokhatokha. Panalibe tchire. Panalibe chitunda.

Nola anaima m'mbali mwa bwalolo.

"Pano?"

Amayi anayang'ana kumatenti. Matenti anali patali. Anayang'ana kumtsinje. Mtsinje unali patali. Anayang'ana kumsewu. Msewu unali waukulu.

"Lole ikhoza kufika," anatero amayi. "Koma tifunse bondo la Agogo."

Agogo anatenga ndodo yawo. Ananyamuka pakhomo pawo. Anayenda. Anayendabe. Sanaime. Sanakhale pamwala. Anafika pamene panali Nola.

"Bondo likuti chiyani, Agogo?"

"Likuti pano pali bwino, abwana."

"Ndiye pano," anatero amayi.

Amayi anaimbiranso foni Bambo Sawchuk. Bambo Sawchuk anabwera kudzaona malowo. Anazungulira bwalo lonse. Kenako anagwedeza mutu. Anavomera.

Bini linali lachitsulo. Linali lolemera kwambiri. Amayi anakatenga thirakitala. Bambo Sawchuk anamangirira bini ndi tcheni. Thirakitala inatsika chitunda pang'onopang'ono. Nola ankayenda patsogolo. Ankakupiza manja ngati wapolisi wapamsewu.

"Kumanja, amayi. Kumanja pang'ono. Basi, imani."

Anthu anatuluka m'matenti kudzaona. Ana ena anaomba m'manja. Bambo Sawchuk anakhomerera bini pansi kuti lisagwe.

Agogo anabwera ndi kathumba kawo. Anakoka chivundikiro. Chivundikiro sichinatseguke. Anakokanso. Sichinatseguke.

"Bini ili landikwiyira," anatero Agogo.

"Silinakwiye," anatero Nola. "Ili ndi bini loti zimbalangondo zisatsegule. Mwaiwala? Onani. Lowetsani dzanja apa. Kankhani kachitsulo. Kenako kwezani."

Agogo analowetsa dzanja. Anakankha kachitsulo. Anakweza. Chivundikiro chinatseguka. Anaponyamo kathumba kaja.

"Tsopano tsekani mpaka lilire," anatero Nola.

Agogo anatseka. Bini linalira kuti kho.

Lachinayi m'mawa, amayi anamudzutsa Nola.

"Bwera pawindo," ananong'ona amayi. "Usachite phokoso."

Dzuwa linali litangotuluka. Pabwalo paja panali chimbalangondo. Chinali chakuda, cha mphuno yofiirira. Chinanunkhiza bini. Chinaima ndi miyendo iwiri. Chinakankha bini. Bini silinagwe. Chinakanda chivundikiro. Chivundikiro sichinatseguke.

Chimbalangondo chinakhala pansi. Chinayang'ana bini. Chinayasamula. Kenako chinadzuka. Chinawoloka mtsinje. Chinakwera phiri.

"Chikupita kuti?" anafunsa Nola.

"Kwawo," anatero amayi. "Kukadya zipatso."

Lachisanu m'njira munali moyera. Loweruka munali moyera. Lamlungu munali moyera. Bambo Sawchuk anabwera kudzafufuza mapazi. Sanapeze phazi ngakhale limodzi.

"Chimbalangondo chikhala," anatero Bambo Sawchuk.

"Nanga Agogo?" anafunsa Nola.

"Agogonso akhala."

Madzulo a tsiku limenelo, Agogo anaitana Nola ndi amayi ake. Anasonkha moto pakhomo. Anaotcha chimanga. Anachipaka batala. Amayi anabweretsa buledi. Nola anabweretsa makapu, chifukwa Agogo anali ndi imodzi yokha.

Anadya. Anaseka. Batala anayenderera mpaka m'chigongono cha Nola.

Atatha kudya, Nola anasonkhanitsa zitsononkho. Anaziika m'thumba. Anafuna kunyamula.

"Siyani, abwana," anatero Agogo. "Iyi ndi ntchito yanga."

Agogo anagwira thumba kudzanja limodzi. Anagwira ndodo kudzanja linalo. Nola ndi amayi anatsala pamoto. Nola anatsamira paphewa la amayi ake. Onse awiri anamvetsera.

Anamva ndodo ikugunda timiyala. Anamva chivundikiro chikutseguka. Kenako anamva kho.

"Atseka bwino," anatero Nola.

"Atseka bwino," anatero amayi. Ndipo anamupukuta batala uja m'chigongono.