Dzina la Kezhalezo pa Tsamba Lachitatu

Ine sindichita nthabwala ndi nkhani za akufa. Mukakayika, kafunseni a Mhasizo amene ankayendetsa makina osindikizira. Akadali moyo m'tauni yathu ya Kohima.

Zinachitika nyuzipepala yathu ya m'chinenero cha Chitenyidie ikadali yakhanda, zilembo zachitsulo zosindikizira tikuyala ndi manja. Kunabwera mkulu wina, a Vilhoulie, amene mwana wawo Kezhalezo anasowera m'nkhalango nthawi ya nkhondo. Kwathu kuno mzimu wotsalira kutchire amakauitana ndi dzina pamalo pomwepo, woitanayo n'kuutsogolera mpaka kunyumba, osacheuka. Ukacheuka, umakutenga. Koma mkuluyo malowo sankawadziwa.

"Mwanawe, pepala lanuli limafika paliponse," anatero. "Lemba kuti: Kezhalezo, bwera kunyumba."

Ndinayala mawuwo pa tsamba lachitatu ndi manja angawa, ndikunyada. Uchitsiru wanga! M'midzi yonse odziwa kuwerenga anawawerenga mokweza, ndipo sindinaganize kuti woitana tsopano ndine.

Tsiku lachitatu, kachisisira, fungo la inki linatha mu ofesi. Kunanunkha masamba onyowa. Agalu akumsika anati zii. Ndikapita kukatenga zilembo, kumbuyo kwanga kumamveka mapazi opanda nsapato. Ndikaima, amaima.

A Mhasizo anazimitsa makina.

"Achemwali, musatembenuke," ananong'ona.

"Mukuona chiyani?"

"Musandifunse. Mwaitana ndinu, kaperekezeni."

Mantha amene ndinachita, sindinachitepo. Ndinatuluka. Njira ya kwa a Vilhoulie ndi ya masitepe amiyala okhaokha, ndipo nkhungu inali itatsika. Ndinakwera ndikuitana dzinalo. Khosi linkayabwa kufuna kucheuka. Kumbuyoko, phaphapha pamiyala. Kenako kupuma. Pafupi. Kozizira.

Ndinagogoda. Mkuluyo anatsegula, nyali ili m'manja, n'kuyang'ana kupitirira phewa langa. Misozi inangoti mbwee.

"Wafika, mwanangu? Lowa, mpunga ukadali wotentha."

China chake chinandikhudza mkono polowa. Mtima unakhala pansi. Ndinati basi, ndapulumuka.

Koma a Vilhoulie sanatseke chitseko. Anakweza nyali ija, nkhope itasintha.

"Mwanawe," anatero chapansipansi, "ine ndinaitana mmodzi. Nanga enawa ndi a ndani?"

Anatseka msangamsanga. Ndinatsala panja.

Ntchito ndinasiya sabata yomweyo. Ndasamuka kanayi. Mayina awo sindiwadziwa, kwawonso sindikudziwa, ndipo akudikirabe kuti ndiwaperekeze.