Dzina la Malemu pa Kanema

Ndikufunseni, inu ophunziranu: n'chiyani chimene umagula ndi ndalama zako, koma sungachigwire, sungachigulitse, sungasiyire mwana? Musatuluke thukuta. Ndi masewero a pa kanema ogula pa intaneti. Amakakamira dzina la wogula ngati nkhupakupa pa ng'ombe.

Lachiwiri, 6:20 m'mawa, Cassimiro anapezeka atafa m'banka yake, kasitolo ka kuseri kwa msika wa Ulongwe, bala lili kunkhongo. Makina ake a masewero, amene anthu ankalipira kuti atchayepo mpira, panalibe. Inspetora Zeferina, wapolisi wa imvi zake, anayang'ana waya wotsala lendelende.

Pofika 10:00 anali atatsekera Nilton, wogulitsa zimbale zakale za masewero.

"Munakangana ndi malemu dzulo?"

"Tinakangana, shefi. Ndinati zogula mumphepozi zikutiphera malonda. Chimbale ukatopa nacho umagulitsa, winanso n'kudyerapo. Iye akuti zimbale zanga n'zong'aluka ngati zidendene za agogo anga. Koma kupha ayi. Mkazi wanga mwezi wake ndi uno, athamange naye ndani kuchipatala?"

Umboni wina panalibe. Nilton anakhalabe m'sela.

Lachinayi mlongo wa malemu, Olga, anafika ku eskwadra, ofesi ya apolisi. Mnzake wa Cassimiro wa ku Tete anali ataimba foni kuti dzina la malemu likuoneka pa intaneti, likusewera mpira.

"Munthu tamuika dzulo, amayi. Kodi sanagone bwino?"

"Wagona. Amene sakugona ndi wina."

Zeferina anafunsafunsa mumsika, namva kuti ku Domwe kuli Amândio, wokopera masewero mwakuba. Banka yake inali yotseka mwezi wathunthu, koma yatsegulidwa dzulo lomweli. Anafikako 15:00, atavala chitenje cha kapulana ngati wogula mbatata.

"Achimwene, ine pa izi ndine mbuli. Akuti katswiri ndinu."

"Akuti? Amayi, kuchokera kuno mpaka ku Tete palibe loko wa makampaniwa amene sindinathyole."

"Tandionetsani, mwina ndingagulire mdzukulu."

Makinawo anali opakidwa utoto wofiira, nambala atapala. Amândio anayatsa, chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Kanema anawala, ndipo pakona panatuluka dzina: Cassimiro.

Zeferina anatulutsa unyolo m'kapulana.

"Bwanji simunafufute dzinali?"

Amândio anakhala pansi.

"Ukafufuta dzina, masewero onse makumi anayi amapita nalo. Makina anga a kampani anawatsekera intaneti chifukwa cha zokoperazi, anthu onse n'kuthawira kwa Cassimiro. Ndinamupempha tigawane, anandiseka. Ndinamumenya ndi mwala wa sikelo. Sindinkafuna kuti afe."

Zeferina anaimba ku eskwadra kuti amutulutse Nilton. Potuluka m'bankamo, amayi ogulitsa mbatata anali atadzaza msewu, ndipo wina wopanda mano anakodola Amândio.

"Aphwanga othyola maloko, kameneka kali m'manjaka mukuthyola liti?"

Msewu wonse unafa nazo nseko, ngakhale kondakitala wa minibasi ya shapa. Zeferina yekha sanaseke. Anali asanamuuze Olga kuti mlongo wake anaphedwa chifukwa cha masewero.